Matabwa a Atsibweni Fabiano

Sukulu zinali zitatsegulidwa kale, koma sutikesi ya Ottilia inali ikadali pakona pa nyumba. M'mawa uliwonse ankaitsegula, kutulutsa yunifolomu yatsopano, kuinunkhiza, kuipinda ndi kuibwezeramo. Akatero ankatuluka panja, kuzungulira nkhokwe, kusuzumira kunjira, ndi kubwereranso m'nyumba ngati nkhuku yosowa poikira dzira.

Chinali chaka cha 1979, mwezi wa Januwale. M'mudzi mwawo, kufupi ndi Mkaika, mtsikana amene anasankhidwa kupita ku Fomu 1 atalemba mayeso a Giredi 7 anali iye yekha. Sukuluyo inali yogonera komweko, ndipo aphunzitsi aakulu anali atamuchenjeza kuti mwezi ukatha asanafike, malo ake apatsa wina. Ana odikira malo anali ambiri.

Chomutsekereza chinali matenda a amayi ake, a Ruth.

Matendawo anali ovuta kuwaloza ndi chala. Panalibe bala, panalibe chotupa. A Ruth ankangoti thupi lonse likuphwanya ngati wina wawasinja ndi munsi, lero m'mapewa, mawa m'chiuno, mkuja paliponse. Ankagona, koma podzuka ankakhala otopa kuposa pogona. Ndipo matendawo sanabwere okha, anabwera ndi abale awo ngati mlendo wopanda manyazi. Mutu unkawawa mpaka kudana ndi dzuwa. M'mimba munkatsegula sabata ino, sabata yamawa n'kudzimbidwa. Nthawi zina ankafunafuna chipande chili m'manja mwawo, ndipo masiku ena ankangokhala pakhonde misozi ikutsika popanda wowayamba. Koma tsiku lina ankadzuka bwinobwino, kusesa pabwalo, kuseka ndi kunyogodola aliyense wodutsa, moti mlendo akanalumbira kuti m'nyumbamo mulibe wodwala.

Zinayamba Ottilia ali mu Giredi 3, chaka chimene bambo ake anapita ku migodi osabweranso. Asing'anga anatema mphini mpaka msana wa a Ruth unasowa potema. Kuchipatala anawayeza magazi, anawajambula, anawagogoda mawondo ndi kanyundo. Pomaliza dokotala anati, "Mayi, ululu wanuwu ndi weniweni, koma matenda awa sapha, ndipo sapundula. Kungoti sachoka msanga, mwina mudzakalamba nawo. Muziyenda pang'ono tsiku lililonse, ntchito muzigwira yochepa, ndipo tsiku limene mwadzuka bwino musamadzipanikize."

Mawuwo anafika kwa a Fabiano, mlongo wawo wamkulu wa a Ruth, atsibweni ake a Ottilia, amene mawu awo ndiwo ankamanga nkhani zonse za ana a m'nyumbayo. Iwo anangopukusa mutu.

"Matenda osapha komanso osachira? Dokotalayo anali ndi njala, amafuna kukadya. Munthu akadwala amachira, apo ayi amatisiya. Njira yachitatu kulibe."

Choncho mudzi wonse unakhala chidikirire kuti uone mbali imene a Ruth agwere. Amayi a m'mudzi ankabwera kudzazonda, kukhala pamphasa atapinda manja, kulankhula monong'ona, kenako kumapita. Kawiri konse a Fabiano anaitanitsa abale a ku Vubwi kuti zinthu zavuta. Abalewo anafika ndi nkhope za maliro ndi nkhuku ya wodwala, anapeza wodwalayo akusenda chimanga, anadya okha nkhukuyo n'kubwerera.

Ottilia anali atawagwadira atsibweni ake kangapo. Tsiku lina anawadikira panjira, chifukwa iwo ankakhala kwa akazi awo kutsidya kwa dambo, ndipo anagwira chiwongolero cha njinga yawo.

"Atsibweni, mwezi ukutha."

"Ndikuuona, mphwanga. Siya njinga."

"Malo anga apatsa wina."

"Nanga amayi ako tidzapatsa yani? Mwana wamkazi uli wekha. Zitachitika iwe uli kutali, madzi otsiriza adzawamwetsa ndani? Anthu adzatiseka ife, osati aphunzitsi akowo. Dikira tione komwe matendawa akulowera."

"Ndidikire mpaka liti?"

"Tsiku limene ndidzaone mlongo wanga atagwira khasu m'munda ngati kale, iwe udzanyamuke. Ndanena."

Anakwera njinga n'kumapita. Ottilia anatsala ataima, mawu aja akuzungulira m'mutu mwake. Khasu m'munda! Munda wawo wa nsawa unali m'mphepete mwa njira yomwe atsibweni ankadutsa Loweruka lililonse popita ku Katete kukagula palafini ndi mchere.

Loweruka litafika, a Ruth anadzuka bwino. Ottilia anadziwira pa kayendedwe kawo, komanso poti anayamba kutukwana tambala wa aneba asanasukusule n'komwe. Anawapatsa phala, anakhala pambali pawo, mwendo ukugwedezeka wokha.

"Iwe, ukugwedeza mwendo ngati telala," anatero a Ruth. "Lankhula."

Ottilia anafotokoza. Sanafune zambiri, anatero. Mizere iwiri yokha, atsibweni adutse, aone, basi.

A Ruth anayang'ana manja awo. Kenako anamwetulira. "Achimwene awo akandiona adzagwa panjinga. Zimenezo zokha n'zokwanira. Tenga makasu."

Anafika kumunda mame asanaume. Udzu unali utakula pakati pa nsawa, nthaka yofewa chifukwa cha mvula. A Ruth anamanga chitenje m'chiuno, anawerama, ndipo khasu linayamba kulira monga linkalirira kale. Anayambitsa ngakhale nyimbo. Ottilia ankapalira pang'ono, kuwongoka, kuyang'ana kunjira, kupaliranso.

Mizere iwiri inatha. Njinga sinaoneke.

Mayi wina wodutsa ndi mtolo wa nkhuni anaima kukamwa kuli yasa, ndipo Ottilia atamufunsa anati, "A Fabiano? Adutsa kale mbandakucha, ndinakumana nawo pamlatho."

Ottilia anayang'ana kunjira. Ndiye kuti anayenera kuwadikira pobwera. Ndipo a Fabiano akafika ku Katete sankafulumira. Ankakhala pakhonde la sitolo ya a Ramadhani, kusewera nsolo ndi kutsutsana za mitengo ya thonje mpaka njala iwakumbutse kwawo.

"Tiye tikapume, tibwerenso masana," anatero a Ruth.

"Nanga akadutsa tili kunyumba? Amayi, Loweruka lina mwina simudzadzuka chonchi."

A Ruth ankazidziwa zimenezo kuposa mwana wawoyo. Anakhala pansi pa mtengo kwa kanthawi, koma Ottilia anaona kuti malo opaliridwawo ndi ochepa kwambiri, osati oti n'kukhutiritsa munthu wamakani. Anawapempha mzere wina. Utatha anawapempha wina. Nyimbo ija inali itasiya kalekale.

"Ottilia, mapewa ayamba kulankhula."

"Pang'ono pokha, amayi. Ndikumva ngati belu la njinga."

Silinali belu, inali mbalame. Kamvula kanawaza, kananyowetsa misana yawo, kanapita. Dzuwa linapendeka. A Ruth ankaima kawirikawiri atatsamira khasu, maso ali otseka, ndipo Ottilia ankayang'ana kumbali kuti asaone nkhope yawo.

Njinga inatulukira dzuwa litafiira. A Ruth anawongola msana, anayambitsanso nyimbo mokweza, khasu likukwera ndi kutsika ngati la mtsikana. A Fabiano sanagwe, koma anatsala pang'ono, chifukwa botolo la palafini linagubuduka mpaka m'ngalande. Anaima akuyang'ana munda wopaliridwa pafupifupi theka.

"Mlongo! Ndiwe kapena mzukwa wako?"

"Mzukwa umapalira nsawa, achimwene? Tolani palafini wanu."

A Fabiano anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinanena ine! Munthu amachira! Iwe Ottilia, mawa upite kutchalitchi ukathokoze, Lolemba unyamuke."

Ottilia analumpha mizere itatu nthawi imodzi. Sanaone kuti pobwerera kunyumba amayi ake ankakoka khasu pansi m'malo molinyamula paphewa.

Kutacha, a Ruth analephera kukweza dzanja. Ottilia atafuna kuwafunditsa chitenje anakuwa kuti achichotse, chikuwotcha ngati moto. Mutu unawagwira, anasanza madzi amene anamwa, ndipo anapempha kuti chitseko chitsekedwe chifukwa kuwala kunkawalasa m'maso. Ottilia anali asanawaonepo atafika pamenepo.

Mbiri inayenda msanga. Belu la kutchalitchi lisanalire, amayi a m'mudzi anali atadzaza khonde, manja opinda, mawu otsika. A Fabiano anafika thukuta lili kamukamu, analowa, anatuluka nkhope itagwa.

"Kuja kunali kutsanzika," ananong'oneza amayi aja. "Munthu akamapita amayamba wadzuka kaye."

Ottilia ankalowa ndi kutuluka, kutenga madzi, kuwataya, kutenganso ena, osadziwa chimene akuchita. Ali m'kati mozungulira chomwecho anaona a Yosefe, mmisiri wa matabwa wa m'mudzimo, ataima pafupi ndi khomo. Anali ndi bango lalitali m'manja. Anasuzumira pa mng'alu wa chitseko, anayang'ana wodwalayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anayang'ana bango lawo, n'kuthyola nsonga. Kenako iwo ndi a Fabiano anazembera kuseri kwa nkhokwe.

Pansi pa nkhokwepo panali matabwa okulungidwa m'masaka. Anakhalapo nthawi yaitali, ndipo atsibweni ankati ndi a chitseko chatsopano. Ottilia anayang'ana bango, anayang'ana masaka aja. Bango lotere anali ataliwonapo pamaliro, poyeza utali wa bokosi.

Anathamanga n'kugwa pamapazi pa atsibweni ake. "Ndine! Ndawapha ndine! Sanachire ayi, ndinawakakamiza kuti muwaone akulima. Ankati mapewa akuwawa, ine ndinkati mzere wina, mzere wina, tsiku lonse!"

A Fabiano anamuyang'ana. A Yosefe, amene sankakonda kukhala pakati pa nkhani za eni ake, anawerama n'kukoka thabwa loyamba kuti manja apeze chochita. Thabwalo linabwera theka lokha. Anakoka lachiwiri, linafumbutuka m'manja mwawo. Anagwada, anasuzumira pansi pa nkhokwe, n'kuiwala kuti pamafunika kunong'ona.

"A Fabiano, muno mulibe matabwa! Chiswe chadya onse, latsala ndi dothi lokhalokha. Bokosi la mbewa lokha ndi limene lingatuluke apa!"

Mawuwo anafika mpaka pakhonde. Kenako m'nyumba munamveka mawu ofooka.

"Achimwene. Lowani kuno. Nayenso wolirayo abwere."

Analowa, a Fabiano chipewa chili m'manja. A Ruth anali chigonere pamphasa, maso otseka.

"Matabwa a chitseko aja?"

"Mlongo, munthu amakonzekera..."

"Munagula liti?"

A Fabiano anakanda m'mutu. "Chaka chija tinaitana a ku Vubwi koyamba."

Mapewa a a Ruth anayamba kugwedezeka. Ottilia anaganiza kuti ndi kutsirizika, koma ayi, kunali kuseka. Ankaseka, kubuula chifukwa kusekako kunkawawa m'nthiti, n'kusekanso.

"Mayo ine, musandiseketse. Chiswe chatopa kundidikira, chadya bokosi langa, ine ndikadali pano." Anapuma kwa kanthawi, ndipo atayambanso kulankhula kuseka kunali kutatha. "Dokotala ananena, inu munati ali ndi njala. Sindikufa, achimwene. Kuchiranso sindikuchira. Leroli ndi loipa, loipa kwambiri, koma ndaonapo anzake a lero, ndipo anapita. Lidzabweranso lina. Umu ndi mmene ndikhalire."

Ottilia anakwawira pafupi, akuopa kuwakhudza. "Amayi, ndikhululukireni. Sindipitanso kusukulu. Ndikhala."

"Ukhala mpaka liti?"

"Mpaka muchire."

"Nawenso wayamba kulankhula ngati atsibweni ako? Ukadikira zimenezo udzafumbutuka ngati matabwa awo." Anatsegula diso limodzi. "Dzulo unalakwa, inde. Unamva ndikudandaula, unayang'ana kunjira. Inenso ndinalakwa, ndinauzidwa kuti ndisamadzipanikize, koma ndinafuna kuona achimwene akugwa panjinga. Tonse talipira. Koma usandiwonjezere katundu wina. Mutu, mimba ndi mapewa zandikwana. Ndisasenzenso mwana amene anataya sukulu chifukwa cha ine."

A Fabiano anakhosomola. "Kulankhula n'kosavuta. Nanga masiku ngati ano, madzi adzatunga ndani? Nkhuni?"

"Njinga imene inanyamula matabwa kuchokera ku Katete ingalephere chigubu cha madzi?"

Pakhonde wina anaphulika kuseka n'kudzitseka pakamwa. A Ruth anakweza mawu pang'ono kuti afike panja.

"Nanunso apo, ndikukumvani. Zaka zonsezi mumabwera mutapinda manja, kundiyang'ana ngati ndanunkha kale. Wina atabwera ndi kamtolo ka nkhuni m'malo mwa nkhope ya maliro, ndikanakhala ndi nkhuni zofika kudenga."

Patapita kanthawi, mayi mmodzi anadzuka, anatenga ndowa imene inali pakhomo, n'kulowera kuchitsime. Wina anafunsa Ottilia komwe kunali chimanga chokonola. A Yosefe anathyola bango lawo pabondo mwakachetechete n'kuliponya kudzala.

A Fabiano anakhala pansi nthawi yaitali, akutembenuza chipewa.

"Ndinkaopa kuti anthu adzatiseka," anatero potsiriza.

"Akusekani kale, achimwene. Mwapulumuka, palibenso choopa."

Lolemba Ottilia sananyamuke. Amayi ake anagona masiku angapo, ndipo iye sanatchule za sukulu ngakhale kamodzi, ngakhale kuti mwezi unkatha akuuona. Anaphunzira kuwathira madzi ofunda m'mapewa osakanikiza. Anaona atsibweni ake akufika m'mawa, chigubu chitamangidwa pakaliyala, akudandaula kuti njinga yawo si bulu. Ululu unatsika pang'onopang'ono monga umatsikira nthawi zonse, osachoka wonse. Tsiku lina a Ruth anakhala tsonga, tsiku linzake anafika pakhonde, ndipo kutangotsala tsiku limodzi kuti mwezi uthe, anatukwana tambala wa aneba.

"Manga katundu," anatero.

A Fabiano anatsogola ndi sutikesi panjinga kuti akaimitse basi kumsewu waukulu. Ottilia ankabwera m'mbuyo ndi kachikwama ka m'manja, amayi ake pambali pake, akuyenda pang'onopang'ono. Anadutsa nyumba zomaliza za m'mudzi n'kufika pamphambano, pomwe njira imatsikira kudambo. Kuchokera pamenepo kukafika kumsewu unali mtunda wautali, wokwera ndi wotsika.

"Amayi, bwererani pano."

"Iwe, lero ndadzuka bwino. Ndikafika kumsewu ndikuone ukukwera basi. Anthu aone kuti mwana wa Ruth akupita ku Fomu 1."

"Mudzandiona pobwera pa holide."

"Ndi miyendo yako kapena yanga? Tiye, uchedwa."

A Ruth anapitirira, akutsika kulowera kudambo. Ottilia anawayang'ana kumsana. Anaona phewa lamanzere litakwera pang'ono kuposa linzake, ndipo tsopano ankadziwa tanthauzo lake. Anaika kachikwama pansi pakati pa njira n'kukhalapo.

A Ruth anatembenuka. "Ukutani?"

"Ndikupuma. Sindinyamuka pano mpaka mutabwerera."

"Wapenga? Basi ndi imodzi patsiku, ndipo mawa mwezi watha!"

"Ndikudziwa."

Kutali, kuseri kwa mitengo, kunamveka kulira kwa injini ikukwera chitunda, kenako hutala. Mwendo wa Ottilia unayamba kugwedezeka wokha, koma anagwira bondo ndi manja onse awiri n'kukhalabe.

Anayang'anizana. Hutala inaliranso, pafupi kuposa poyamba.

"Makani awa unatengera atsibweni ako," anatero a Ruth. Anakweranso pang'onopang'ono, anafika pamene panali mwana wawo, anamugwira mutu ndi dzanja limodzi, n'kumudutsa kulowera kumudzi. Osatembenuka anakuwa, "Ndabwerera, ukuona? Thamangatu, chitsiru iwe!"

Ottilia anadikira mpaka amayi ake atafika panyumba yoyamba. Kenako anatola kachikwama, anavula nsapato zatsopano, n'kuliyatsa liwiro kudutsa m'matope a m'dambo. Atatulukira kumsewu anapeza atsibweni ake ataima kutsogolo kwa basi, manja onse ali m'mwamba, akukangana ndi dalaivala kuti mwana wa mlongo wawo akubwera ndipo galimotoyo sichoka.